Kuonjezera mabatire kokha sikungateteze maseva a m'maofesi athu

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene anthu ambiri amangokumana nayo ali pamzere, pamene wogwira ntchito pawindo awauza kuti netiweki yavuta, abwerenso mawa. Nthawi zina vutolo limakhaladi la intaneti, koma nthawi zinanso gwero lake limakhala m'kachipinda kakumbuyo, mmene muli kabati yachitsulo yosanjikamo maseva, omwe ndi makompyuta osunga ndi kugawa uthenga wa ofesi yonse, ndipo pansi pa kabatiyo pali chibokosi cholemera chotchedwa UPS, chimene chimapatsa masevawo mphamvu ya m'mabatire magetsi akangothima. Ine ndimagwira ntchito yosamalira zipangizo zimenezi, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi chizolowezi choganiza kuti UPS ikamatha mphamvu msanga, mankhwala ake ndi kungogula mabatire ena n'kulumikiza.

Maganizo amenewa ndi omveka. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lathu lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankathima maola ambiri patsiku. UPS yomwe idapangidwa kuti igwirizize maseva kwa mphindi zochepa, kudikira kuti jenereta ilire kapena kuti masevawo azimitsidwe mwadongosolo, idayamba kupemphedwa kugwira ntchito ya maola. Jenereta nayonso imafuna dizilo, amene tonse tikudziwa kuti nthawi zina amasowa. N'chifukwa chake maso a anthu adatembenukira ku mabatire.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti maseva a m'kabati imodzi akudya mawati 1,000, ndipo UPS yake ili ndi mabatire 4 a mavoti 12 ndi 9Ah (Ah ndi muyeso wa kuchuluka kwa mphamvu imene batire imasunga), olumikizidwa motsatizana kuti apereke mavoti 48. Papepala mphamvu imeneyi ikuoneka yokwanira mphindi 25, koma batire ya mtovu, yomwe imakhala mu UPS zambiri, ikamakamidwa mofulumira imatulutsa mphamvu yochepa kuyerekeza ndi imene idalembedwa pakhungu pake, moti mukapeza mphindi 10 mwachita mwayi. Khalidwe lomwelo lili ndi ubwino wake: mukawirikiza mabatire kawiri, nthawi imaposa kuwirikiza kawiri, chifukwa batire iliyonse ikukamidwa pang'onopang'ono. Mpaka pamenepa woonjezera mabatire sakulakwa.

Mavuto amayamba magetsi akabwera. UPS zambiri zazing'ono zili ndi chaja yaing'ono, yopereka ampu 1 kapena maampu 2, chifukwa idapangidwira mabatire aang'ono omwe idabwera nawo. Munthu akachotsa amenewo n'kuikapo akuluakulu 4 a 100Ah, tsiku loyamba amasangalala poona maseva akuyaka maola atatu kapena kuposa. Koma chaja ya maampu 2 imafuna maola osachepera 50 kuti idzazenso mabatire oterewa akatheratu. Kuli ngati kudzaza mgolo ndi kapu pamene madzi akutuluka pampopi kwa kanthawi kochepa. Ngati magetsi athimanso mawa lake, mabatirewo amayamba ntchito asanafike ngakhale theka. Mkuja amayamba ali otsika kuposa pamenepo, ndipo sabata isanathe maola atatu aja achepa kwambiri. Choipa kwambiri n'chakuti batire ya mtovu ikamakhalitsa yosadzaza, timbale ta m'kati mwake timakutidwa ndi zouma zomwe sizisungunukanso, ndipo mphamvu imene yatayika mwanjira imeneyi siibwerera. Ndalama zambiri zimapita chonchi, wina aliyense asanabe kapena kuononga kanthu. Choncho funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale lakuti mabatirewa atha maola angati, koma lakuti akatha adzadza pa maola angati, ndipo kodi maola amenewo ali m'kati mwa nthawi imene magetsi amakhala oyaka kudera kwathu.

Palinso china chimene ambiri saganizira. Mbali ya UPS imene imasandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a mavoti 230 imatentha ikamagwira ntchito. M'ma UPS otsika mtengo, opanga adawerengera kuti batire idzatha chipangizocho chisanatenthe kwambiri, ndipo ena sadaikemo n'komwe fani. Kuikakamiza kugwira ntchito maola anayi ndi kuiika pangozi yopsa. Amene akufuna maola ayenera kugula UPS yopangidwira ntchito imeneyo, yokhala ndi polumikizira mabokosi oonjezera a mabatire ndi chaja yamphamvu, kapena mabokosi okhala ndi chaja yawoyawo.

Polumikizapo pali malamulo amene sayenera kunyalanyazidwa. Mavoti a bokosi loonjezera afanane ndi a UPS, pakuti ena ndi a 24, ena 48, ena 72, ndipo akuluakulu amafika 192, omwe angathe kupha munthu. Batire yakale isasakanizidwe ndi yatsopano pamzere umodzi, chifukwa yofookayo ndi imene imatha koyamba n'kugwetsa mzere wonse, ndipo pochaja ndi yomwe imatentha. Mawati 1,000 pa mavoti 48 ndi maampu oposa 20, choncho waya akhale wonenepa, wamfupi, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi fyuzi yake pafupi ndi batire. Mabatire a galimoto, ngakhale akupezeka paliponse ndipo mtengo wake ndi wokopa, adapangidwa kuti apereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa polizira injini, ndipo akamatheratu mobwerezabwereza amafa msanga. Amatulutsanso mpweya woyaka akamachajidwa, umene suyenera kudzadzana m'chipinda chotseka. Ndipo mukamaliza kulumikiza, UPS iuzidwe kuti mabokosi aonjezeka, apo ayi idzapitiriza kuwerengera nthawi ngati ya kale n'kulamula maseva kuzima mphamvu ikadalipo yambiri.

Mdani wamkulu wa mabatire kuno kwathu ndi kutentha. Mabatire otsekedwa amene amakhala mu UPS amayembekezeka kukhala zaka 3 mpaka 5 ngati akusungidwa pa madigiri 20 mpaka 25, ndipo kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10, moyo wawo umadulidwa pakati. Taganizani za ofesi ya ku Chikwawa kapena ku Nsanje mwezi wa Okutobala, kumene kunja kumaposa madigiri 40. Tsono makina oziziritsa chipinda salumikizidwa ku UPS, chifukwa amadya mphamvu yambiri. Magetsi akathima iwo amazima, pamene maseva akupitiriza kuyaka ndi kusandutsa mawati 1,000 onse aja kukhala kutentha m'kachipinda kopanda zenera. Kutanthauza kuti mukatalikitsa nthawi ya mabatire osaganizira za mpweya, mukutalikitsanso nthawi yootcha mabatirewo pamodzi ndi masevawo. Amene adatsegulapo UPS ya m'chipinda choterechi amadziwa zimene amapezamo: mabatire otupa m'mbali mpaka kukanirira m'thireyi moti kuwatulutsa kumafuna kumasula chibokosi chonse, pulasitiki yong'aluka m'makona, ndi ufa woyera pamitu yolumikizira waya. Nyali ya kutsogolo nthawi yonseyi imakhala ikuonetsa zobiriwira, chifukwa batire yotha imathabe kuonetsa mavoti abwino ikakhala kuti siikusenza katundu.

Mabatire a lithiamu, makamaka a mtundu wa LiFePO4, amapirirako kutentha, amachajika msanga ndipo amalola kutha ndi kudzazidwa kambirimbiri. Ndi abwino kwa amene angakwanitse, bola agulidwe pamodzi ndi UPS yogwirizana nawo, osati kungowalowetsa m'malo mwa a mtovu.

Komabe njira yotsika mtengo kuposa zonse yopezera nthawi yaitali siifuna kugula kanthu. Ndi kukhala pansi, akuluakulu a ofesi pamodzi ndi wosamalira makompyuta, n'kugwirizana kuti ndi ziti zimene ziyenera kukhala zoyaka magetsi akathima. M'kabati zambiri muli seva yoyeserapo mapulogalamu, seva yosunga makope imene imagwira ntchito usiku wokha, ndi makina ena akale amene palibe akukumbukira ntchito yake koma aliyense akuopa kuwazimitsa. Zimenezi zikazima pakatha mphindi zitatu, katundu amatsika mwina ndi theka, ndipo seva yosunga kaundula pamodzi ndi zipangizo za netiweki zimapeza nthawi yoposa kuwirikiza kawiri. Izi zimatheka popanda munthu kuthamangira kuofesi usiku: UPS ikhale ndi khadi la netiweki kapena waya wa USB, ndipo mapulogalamu aulere monga Network UPS Tools kapena apcupsd amatha kuzimitsa maseva motsatana, kuyambira osafunika kwambiri. Kachinthu kamodzi kamaiwalika kawirikawiri, ndipo n'komvetsa chisoni: swichi ya netiweki, kabokosi kolumikiza makompyuta kamene uthenga wozimitsawo umadutsamo, nayonso ikhale pa UPS, chifukwa ikazima koyamba, maseva samva chilichonse mpaka atagwa mwadzidzidzi n'kuononga zimene ankalemba. Magetsi akabwera, maseva asayake nthawi yomweyo. Adikire mabatire akwereko, pakuti magetsi obwera kumene amakonda kuthimanso pakapita mphindi zochepa. Ndipo kumene maseva ali ndi zingwe ziwiri za magetsi zopita ku UPS ziwiri, UPS iliyonse isasenze kupitirira theka la mphamvu yake, chifukwa inzake ikafa katundu yense amagwera pa iyo.

Ndimalize ndi mbali ya ndalama, imene ili m'manja mwa okonza bajeti ndi ogula katundu. Mabatire amenewa amachokera kunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake udakwera monga wa zinthu zina zonse zoitanitsa. Maofesi ambiri amaika UPS m'kaundula wa katundu wokhalitsa n'kuiwala kuti mabatire ake ndi zinthu zotha, zofuna ndalama zaka zingapo zilizonse. Ndikupempha kuti tsiku loika batire lizilembedwa pabokosi lenilenilo ndi cholembera chosafufutika, kuti kawiri pachaka magetsi olowa mu UPS azidulidwa dala nthawi yosakhala ya ntchito n'kuyesa ndi wotchi mphindi zimene ikupereka, komanso kuti pogula aziona tsiku limene batireyo idapangidwa, chifukwa yokhalitsa m'sitolo osachajidwa imakhala itakalamba kale. M'mgwirizano ndi wogulitsa mulembedwenso kuti iye azitenga mabatire akale, chifukwa muli mtovu ndi asidi, ndipo akangounjikidwa kuseri kwa ofesi amathera m'manja mwa ana kapena a anthu owaswa ndi nkhwangwa pofuna mtovu wogulitsa.

Ine wanu,
Wosamalira makompyuta,
Zomba