Thupi likatentha, usagone

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti Loweruka thupi linakutentha usiku wonse, iwe n'kungomwa Panado n'kufunda bulangete, mkazi wako n'kumuletsa kuimba foni kuchipatala. Ndakwiya nawe, ndisakubisire.

Adokotala anatifotokozera tonse, iwe uli pomwepo, kapena maganizo anali kwina? Magazi amapangidwa m'mafuta a m'kati mwa mafupa. Khansa yako yadzaza m'menemo maselo osakhwima, ochuluka ngati namsongole, opanda ntchito koma kupanikiza abwino. Kemo, mankhwala a khansa ukulandirawo, nayo siisankha. Imapha chilichonse chochulukana msanga, zabwino zomwe. N'chifukwa chake tsitsi linathothoka ndipo m'kamwa munachita zilonda. Za tsitsi ndilibe nazo nkhawa, lidzamera.

Maselo ofiira amakhala masiku pafupifupi 120, ndiye amachepa pang'onopang'ono. Kutopa kuja, ndi wefuwefu ukangokwera masitepe, n'komweko. Timaselo toundanitsa magazi timatha pamasiku 10 okha, paja nkhama zako zimatuluka magazi potsuka mano. Koma amene akundisowetsa tulo ndi oyera aja olimbana ndi tizilombo, amene kuchipatala amawatchula kuti ma neutrophil. Amenewo m'magazi sakhalamo ngakhale tsiku lathunthu, ndipo mafupa akangoleka kupanga, basi atha. Amatsikitsitsa pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 chilandirireni mankhwala. Werenga wekha kuti Loweruka linali tsiku lachingati.

Masiku amenewo kachilombo kakang'ono kangathe kulowa m'magazi n'kumugwetsa munthu m'maola ochepa. Mafinya osaoneka, kutupa osaoneka, poti opanga mafinyawo ndi omwe kulibewo. Chizindikiro chimene chimatsala ndi kutentha thupi, ndiye iwe ukuchiphimba ndi Panado! Kachipangizo koyezera kutentha kakafika pa 38, dzuka, pita, kaya ndi pakati pa usiku. Usadikire kuti kuche. Akakupatsa mankhwala opha tizilombo a m'diripi, ndipo amenewo amafunika msanga.

Unali choncho kuyambira kale. Msomali utakubaya kuphazi unabisa mpaka ndinaona ukuyenda chotsimphina, phazi lili ndi fungo. Nthawi imeneyo thupi lako linali ndi pogwira. Bambo ako ankati ndiwe wolimba mtima, ine ndinkati ndi makani chabe, ndipo sindinasinthe maganizo.

Asipirini ndi Brufen usayerekeze, zimawonjezera kutaya magazi. Kamfuno kakakana kuleka, kapena ukaona timadontho tofiira pamiyendo, uwauze adokotala. Anzako obwera ndi chifuwa aja akupatse moni pafoni, ndipo amene amabwera ndi botolo m'thumba uja ndisamvenso kuti anafika. Mowa umafooketsa mafupa omwewo amene tikuwadikira kuti ayambenso kupanga magazi.

Ndikudziwa kuti watopa, mwana wanga, kubayidwa, kuikidwa magazi, kugona chipinda chawekha. Wapirira kuposa mmene ine ndikanathera. Komabe maselowa amayamba kukweranso m'sabata lachitatu kapena lachinayi, ndiye masiku oopsa kwambiri si ambiri ayi. Ingowasamala.

Mkazi wako ndamuuza kuti asamakufunse, azingokuyeza n'kuimba foni. Ukakwiya ukwiyire ine. Akakuyeza magazi sabata ino unditumizire chithunzi cha pepalalo, nambala ya ma neutrophil ndaphunzira kuiwerenga.

Ndine mayi ako