Kalata kwa makolo onse: ma extra lessons asintha kuyambira temu ikubwerayi

Makolo athu, amayi, abambo, agogo, amalume ndi azakhali amene mukusunga ana,

Muli bwanji nonse kumeneko? Ena mwamva kale mphekesera pa gulu lathu la WhatsApp ndipo mafoni akhala akulira, ndiye tati bwino tilembe kalata imodzi aliyense amve kuchokera kwa ife eni ake. Nkhani ndi iyi, kuyambira temu ikubwerayi kalasi ija ya Grade 7 yokhayokha yomangolemba ma past papers tsiku ndi tsiku sidzakhalaponso momwe munaizolowera. Tiyamba kulandira ana kuyambira Grade 4 mpaka Grade 7, ndipo nthawi yambiri izipita pa kuwerenga Chizungu momvetsa ndi masamu, ma subject enawo azilowera momwemo. Ma past papers sitinawataye ayi, tifotokoza pansipa.

Tikudziwa ambiri mumabweretsa mwana kuno chifukwa cha mayeso a ECZ (bungwe loyendetsa mayeso m'Zambia muno) basi, mumafuna apase apite ku sekondale, ndipo palibe cholakwika pamenepo, makamaka manje pamene mwana akafeluka Grade 7 sakungokwezedwa monga kale. Koma taonani zimene mwanayo amakumana nazo pa mayesowo. Pali English, pali Mathematics, pali Integrated Science, Social Studies, Creative and Technology Studies, ndi pepala la Cinyanja. Kuchotsapo la Cinyanja, onsewo mafunso ake ali m'Chizungu. Mayankho ndi osankha, A B C D, mwana amangodetsa ka bokosi ndi pensulo, ndiye zimaoneka ngati zophweka ndipo mwana woti funso sanalimve nkomwe amathanso kudetsa mabokosi onse mpaka kumapeto n'kubwera kunyumba kunena kuti amama mayeso anali bwino.

Tikupatseni chitsanzo chimene timachiona kawirikawiri pa mabenchi athu. Funso likuti mlimi ali ndi munda wa mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi, peza area. Mwana sawerenga chiganizo, maso ake amangosaka manambala, waona 50 ndi 50, waphatikiza, 100, wayang'ana pa mayankho 100 ilipo, wadetsa, wapita patsogolo akumwetulira. Wina wochenjerako pang'ono akumbuka kuti mbali ndi zinayi, 200, nayonso ilipo pa mayankho chifukwa olemba mayeso amadziwa bwino pamene ana amagwera. Yankho ndi 2,500 square metres, imene ndi lima imodzi, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mwana yemweyo December aliyense amapalira lima ya chimanga kumudzi kwa agogo ake, amaidziwa ndi mapazi ake. Mukamufunsa m'Chinyanja kuti kuzungulira munda m'malire ndi kulima mkati monse n'chimodzimodzi, aseka, akuuzani kuti ayi. Mutu uli bwinobwino. Chimene chamugwetsa ndi chiganizo cha Chizungu chija. Mwana wotere mutamupatsa ma past papers a zaka 10 aloweza kuti funso la munda yankho ndi C, chaka chino yankho likakhala pa A zathera pomwepo.

Vutoli silimayamba ku Grade 7. Ana amene ali m'makalasi apamwamba a pulaimale panopa ambiri anayamba sukulu ndi silabasi ya 2013, imene kuyambira Grade 1 mpaka Grade 4 amaphunzira m'chilankhulo cha m'dera, kwathu kuno Cinyanja, ndipo pofika Grade 5 zonse zimatembenukira ku Chizungu nthawi imodzi, sayansi, masamu, social, zonse. Amene Chizungu anali atachigwira amapita, amene anali asanachigwire amayamba kukopera manotsi okongola pa bolodi osamva kanthu, kabuku kaudongo, ma heading olembedwa mzere ndi rula, koma mufunseni walemba chani, zii. Ndipo musawaimbe mlandu aphunzitsi a kusukulu, chiyambire maphunziro aulere mu 2022 makalasi anadzaza kwambiri, mphunzitsi mmodzi sangathe kumva mwana aliyense akuwerenga payekha olo atafuna bwanji.

Kenaka pali silabasi yatsopano ya 2023 imene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2025, kuyambira ku ana a preschool, Grade 1 ndi Form 1, ndipo ikulowa m'makalasi enawo pang'onopang'ono. M'menemo pulaimale ndi zaka 6 osati 7, makalasi apamwamba ndi Grade 4, 5 ndi 6, Chizungu ndiye chophunzitsira kuyambira pansi, ndipo akuti mwana aziwonetsa zimene atha kuchita osati zimene waloweza. Ndiye kwa inu amene muli ndi ana ang'onoang'ono kudikira kuti afike Grade 7 mpamene mudzaganize za tuition, Grade 7 imeneyo kwa iwo sidzakhalako. N'chifukwa chake tatsikira ku Grade 4.

Manje tikuuzeni zizichitika m'kalasi. Ola loyamba ndi lowerenga, koma sitiziwerenga nthano zokhazokha ayi, tiziwerenga mabuku awo omwewo a sayansi ndi social. Mwachitsanzo ndime ya malungo. Mwana awerenga mokweza kuti malungo amafalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa Anopheles, kuti umaikira mazira m'madzi odikha, atseka buku, atiuza m'Chinyanja zimene wamva, ngati wanena kuti malungo amabwera chifukwa chodya mango osapsa kapena kunyowa ndi mvula ndiye kuti sanawerenge, wangotchula mawu, atsegulenso. Akatha kunena bwino mpamene alembe ziganizo zitatu za iye mwini m'Chizungu, osakopera. Zimatenga nthawi, tsiku lina ndime imodzi chabe, ndipo kholo loyang'ana kabuku madzulo liona tsamba limodzi losadzaza n'kuganiza kuti ndalama yapita pachabe. Tikupemphani musawerenge masamba, mufunseni mwana akuuzeni zimene waphunzira, pakamwa, buku lili chotseka. Momwemonso ndi za kagayidwe ka chakudya m'thupi, mmene mbewu zimapangira chakudya chake ndi dzuwa, kuzungulira kwa madzi kuchokera pansi kupita kumitambo, ka circuit ka batire ndi babu, zonsezo ziziyenda njira yomweyo.

Masamu a makalasi amenewa ndi pamene ana ambiri amasiyira kukonda masamu, chifukwa kuphatikiza ndi kuchotsera kwatha, kwabwera ma fractions, ma decimals, ma percentage, ratio, average, area ndi volume, profit ndi loss. Zonsezi zimaima pa ma tables ndi kugawa. Mwana wa Grade 6 amene 7 times 8 akujambula timizere kumbuyo kwa kabuku sangathe long division, ndipo fraction kwa iye ndi manambala awiri okwerana basi. Ndiye ma tables tiziyimba tsiku lililonse, inde ngati kale lija, tilibe nazo manyazi. Zitsanzo tizitenga pano pomwe, thumba la fetereza wa D compound la 50 kg kuligawa pakati kenako pakatinso, chenji cha ma ngwee, amayi aku Saturday Market apikula tomato wa K80 agulitsa yense K100, phindu ndi ma percent angati? Pafupifupi kalasi yonse imakuwa 20. Ndi 25, chifukwa K20 ija timaiyerekeza ndi K80 imene anagulira, ndipo mwana akamvetsa chifukwa chake sadzaiwalanso, mwinanso azikuthandizani ma akaunti pa kantemba.

Social Studies ndiye imatipweteka mtima kwambiri chifukwa zambiri zili pakhomo pathu. Mwana amaloweza kuti Zambia ili ndi zigawo 10, kuti tinalandira ufulu pa 24 October 1964 ndi a Kenneth Kaunda, koma mupatseni mapu aloze Chipata, chala chimapita ku Copperbelt. Sadziwa kuti tauni yake yomwe ino inali Fort Jameson, kuti inakhala city mu 2017, kuti msewu uwu wa Great East umakathera ku Mwami pa malire ndi Malawi, kuti mtsinje wa Luangwa umene amaumva ku Mfuwe umakathira mu Zambezi. Ana ena anapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February, anaona Inkosi ya Makosi Mpezeni ndi maso awo, ena August aliyense ali ku Mkaika ku Katete pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, koma funso la miyambo likabwera pa pepala amasokoneza kuti wa Angoni ndi uti wa Achewa ndi uti, poti sanaganizepo kuti zimene anaona zija ndi zomwezo zili m'buku. Tizipachika mapu pakhoma, aliyense azidzuka kukaloza, ndipo nkhani ngati ya Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835 dzuwa litadetsedwa aziyamba kukafunsa agogo kunyumba asanaiwerenge.

Cinyanja musachipeputse. Makolo ambiri amati chimenecho mwana amayankhula kale, koma cha pamsewu ndi cha m'buku n'zosiyana, pa pepala pamabwera miyambi, zining'a, zilapi ndi kalembedwe ka kusukulu, ndipo mwana wa m'nyumba yoyankhula Chinsenga kapena Chitumbuka, kapena Chizungu chokhachokha, amataya mamakisi aulere pamenepo. Tizichipatsa nthawi yake kamodzi pa sabata. Za home economics, zojambula, nyimbo ndi kompyuta, kunena zoona ife tilibe khitchini kapena makina osokera, tizingokhudza za m'buku monga magulu a zakudya ndi ziwalo za kompyuta, zinazo muwasiye ana azigwira kunyumba, anyamata omwe, kusoka batani ndi kuphika ndiwo zili mu silabasi.

Chinthu china chimene mwina chikhumudwitsa ena ndi ichi. Ana sitiziwakhazika potengera giredi, tiziwakhazika potengera pamene afika. Sabata yoyamba aliyense awerenga ndime imodzi ndi kuchita masamu ochepa pamaso pa mphunzitsi, payekha, kenako timuika m'gulu. Zitheka mwana wa Grade 6 kukhala pa benchi imodzi ndi wa Grade 4 pa ola lowerenga, pa masamu n'kukhala gulu lapamwamba. Chonde musakamukalipire kunyumba kapena kumuseka pamaso pa azing'ono ake, magulu aziwunikidwanso mwezi uliwonse ndipo akakonzeka akwera. Nyumba yong'aluka pa foundation simuikonza popenta khoma, tiyenera kutsika pansi kaye.

A Grade 7 a chaka chino musade nkhawa kuti tawataya. Loweruka lililonse m'mawa ndi lawo, ma past papers, kuzolowera nthawi ndi kadetsedwe ka mabokosi, kusiyana kwake n'kwakuti pepala limodzi tizilikambirana funso ndi funso mpaka mwana anene chifukwa chimene B ili yolakwa, m'malo mothamangitsa mapepala ambirimbiri. Mayeso akayandikira tiwonjezera masiku. Koma mwana wongobwera mwezi womaliza kuti timupange zozizwitsa sitimulandiranso, kumeneko ndi kukudyerani ndalama chabe ndipo ife sitikufuna. Ma pamphlet a mafunso ndi mayankho aja tinkagulitsa pa ofesi nawonso tasiya. M'malo mwake paikidwa bokosi la mabuku owerenga, mwana azibwereka limodzi Lachisanu n'kubweza Lolemba, likatayika kapena likagwera mu ndiwo kholo lilipira, tanena poyera pano kuti tisadzakangane.

Nthawi zikhala ziwiri poti masukulu ambiri muno ana ena amalowa m'mawa ena masana. Olowa masana azibwera kwa ife 08:00 mpaka 10:00, olowa m'mawa 14:30 mpaka 16:30, Lolemba mpaka Lachinayi, Lachisanu ndi la mabuku ndi Cinyanja. Tikufuna ana a kutali monga ku Mchini, Nabvutika ndi Magazine azifika kunyumba kusanade, makamaka nthawi ya mvula, ndipo amene mumawatumiza pa njinga uzani wa njingayo nthawi yatsopanoyi. Mtengo wa pamwezi sunakwere, ndi womwe uja, kulipira ndi pa ofesi kapena pa mobile money pa nambala imene muli nayo kale, risiti musaiwale kutenga. Amene munalipiriratu kalasi yakale ija ndipo dongosolo latsopanoli simunagwirizane nalo, bwerani tikubwezereni ndalama yanu yonse popanda mafunso, tikudziwa ena mumafuna past papers basi ndipo ndi ufulu wanu kukasaka kwina, sitidzasiya kupatsana moni pa msika.

Malo ndi ochepa chifukwa gulu lililonse tikufuna likhale laling'ono moti mwana aliyense awerenge mokweza tsiku lililonse, ndiye ana amene ali nafe kale ndi azing'ono awo ndiwo ayambe kulembetsa. Kulembetsa ndi Loweruka lomaliza masukulu asanatsegule, kuyambira 09:00. Bwerani ndi mwanayo, musatume dzina lokha, mutenge report form ya temu yatha, kabuku kake ka masamu ndi ka English ka kusukulu olo kakhale kong'ambika bwanji, ndi pensulo. Amene tsikulo muli ku maliro, ku munda kapena ku ntchito tumizani uthenga pa foni ya ofesi tikupezereni tsiku lina mkati mwa sabata.

Zikomo kwambiri,

Ine mphunzitsi wamkulu, m'malo mwa aphunzitsi onse a pano