Ndalama za chisamaliro cha ana zizitoleredwa ngati ngongole zina zonse

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, pa zimene zimachitika banja likatha ndipo khoti lagamula kuti bambo azipereka ndalama za chisamaliro cha ana mwezi ndi mwezi. Kawirikawiri bamboyo amapereka mwezi woyamba, mwinanso wachiwiri, kenaka amangoti zii, ndipo ntchito yonse yomusakasaka imagwera mayi amene akulera anawo yekha.

Malamulo tili nawo. Gawo 23 la Malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti mwana aliyense ayenera kulandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, kaya sanakwatirane, kaya anasudzulana. Lamulo la chisamaliro ndi chitetezo cha ana la mu 2010, pamodzi ndi lamulo la maukwati ndi kutha kwa mabanja la mu 2015, amapatsa makhoti mphamvu yolamula kholo kuti lizithandiza ana ake. Chimene chikuperewera ndi njira yotolera ndalamazo chigamulo chikaperekedwa.

Bambo akaphonya miyezi ingapo, mayi amasiya geni yake kapena munda wake, nkupeza ndalama ya minibasi yopitira ku khoti la majisitireti, kumene kwa anthu a kumudzi kumakhala kutali, kuti akadandaulenso mlandu umene anapambana kale. Chisamani chikatuluka, iye yemweyo ndi amene amalozera kumene bamboyo akukhala tsopano. Tsiku la mlandu likafika, bambo amabwera ndi kangachepe m'thumba, nalonjeza kuti zotsalazo apereka kumapeto kwa mwezi, ndipo nkhani imayambiranso poyamba. Mayi akawerengera zimene wawononga pa maulendowa amapeza kuti zaposa zimene walandira, ndiye amagwa mphwayi. Abambo ena akudziwa bwino kuti akangopirira pang'ono mnzawoyo atopa yekha.

Komatu bambo yemweyo ngongole zake zina sazizemba. Ogwira ntchito m'boma akudziwa kuti ngongole ya kumabungwe obwereketsa ndalama imadulidwa malipiro asanawafike m'manja, mlimi wa fodya amadulidwa ngongole ya feteleza pa ndalama zimene wagulitsira fodya wake, ndipo wakatapila amachita kusunga khadi la ku banki la munthu amene wamukongoza. Ngongole ya mwana yokha, imene khoti lenileni linagamula, ndi imene munthu amabweza akafuna.

Pempho langa kwa akuluakulu a makhoti ndi lakuti, pamene kholo lili pa ntchito yolipidwa pamwezi, chigamulo chizituluka pamodzi ndi lamulo lopita kwa olemba ntchito kuti azidula ndalamazo nkuzitumiza kwa amene akulera ana, osadikira kuti munthu ayambe waphonya. Kwa mavenda, akabaza ndi ena odzilemba okha ntchito, khoti lizilamula kuti ndalama zizidzera pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa uthenga wa pafoni umasunga tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, ndipo mkangano wakuti "ndinakupatsa pamanja" umathera pomwepo. Kalaliki wa khoti akhale ndi kaundula wosonyeza zimene kholo lililonse lapereka ndi zimene zatsala, kuti miyezi ikadutsa khotilo liziitana lokha wangongoleyo, ndipo ngati akuchitira dala, masherifu akalande katundu monga amachitira pa milandu ina ya ngongole. Amene wathawira ku Joni adzaipeze ngongole yake yolembedwa bwinobwino tsiku limene adzabwerere.

Zifukwa zimene abambo amapereka tonse timazimva. Kumadera a chikamwini ena amati ana ndi a mbumba ya amalume awo, ngati kuti mwambo unamasulapo bambo kuti asagule sopo kapena yunifolomu ya mwana wake. Ena amati mayiyo anakwatiwanso, choncho ndalama zawo azidyera mwamuna wina. Amene ali ndi nkhawa imeneyi apemphe khoti kuti fizi azikalipira yekha ku sukulu nkusunga risiti, pakuti kukwatiwanso kwa mayi sikusintha bambo wa mwana.

Sindikunena kuti aliyense wolephera kupereka ndi wouma mtima, ndiponso kutsekera munthu m'ndende kusakhale koyambirira, chifukwa wandende sapeza ndalama. Amene ntchito yamuthera kapena wadwala abwerere ku khoti akapemphe kuti ndalamazo zichepetsedwe, m'malo mosintha nambala ya foni. Khomo lomwelo ndi lotsegukanso kwa mayi, ndipo amayi ambiri sakudziwa zimenezi. Kwacha inagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero kuti ndalama imene inagamulidwa zaka zimenezi zisanafike singagulenso chakudya chimene woweruza ankaganizira. Ndikupempha a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu osauka pa milandu, ndi maofesi oona za chisamaliro cha anthu m'maboma kuti azifotokozera amayi, tsiku lomwelo la chigamulo, mmene angapemphere kuti ndalamazo ziunikidwenso ndi kumene angapite mwezi woyamba umene bambo waphonya.

Wowerenga wanu,
Chinamwali, Zomba