Pulogalamu ya amayi ikhale ya mawu, osati zolemba

Akonzi,

Pulogalamu ya pafoni yophunzitsa amayi kunenerera mtengo siithandiza ngati ikufuna foni yamakono ndi bandulo ya intaneti. Amayi ambiri ogulitsa mtedza ndi soya kumidzi ali ndi mafoni a mabatani, ndipo nthawi zina foniyo imakhala m'thumba mwa bambo. Okonza ajambule maphunzirowo m'mawu oti mayi aimbe n'kumvera, m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chiyao, lililonse losapitirira mphindi 2.

Amayi amagonja kwambiri pa sikelo. Venda amayeza yekha, kenako amachotsa makilo ponamizira chinyezi kapena zinyalala, mayi n'kungovomera poopa kubwerera ndi katundu kunyumba. Choncho phunziro loyamba limuphunzitse kuyeza thumba lake asanachoke pakhomo, kudziwa mtengo wotsikitsitsa womwe Unduna wa Zaulimi walengeza chaka chimenecho, ndi kusankhiratu mtengo woti pansi pake sagulitsa. Kenako ayeserere: liwu la venda litchule mtengo wotsika, iye adine 1 kukana kapena 2 kutchula wake.

Ndikupempha Airtel ndi TNM kuti nambala yotere ikhale yaulere, chifukwa mayi sangathere mayunitsi ake pa phunziro.

Wowerenga,
Mchinji