Dandaulo pa timahedifoni topanda waya tomwe munandigulitsa

Machinjiri,
Blantyre.

Kwa a Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa kuimba foni kwandikwana. Ndaimba kasanu pa nambala yanu ya makasitomala, ndipo nthawi zonse yankho limakhala lakuti "tikuimbiraninso, bambo." Mayunitsi anga anathera kumvera nyimbo yodikirira. Risiti ndi pepala la walanti ya miyezi 12 zili m'mabuku mwanu, choncho sindibwereza zomwe mukuzidziwa kale.

Timahedifoni totchipa tili mbwee mumsika wa Limbe. Ine ndinatidutsa n'kubwera kwa inu chifukwa cha chinthu chimodzi chomwe wogulitsa wanu anachitamanda mpaka thovu kukamwa: spatial audio. Popeza anyamata anu a pakauntala akuoneka kuti sadziwa chomwe akugulitsa, mundilole ndifotokoze. M'kati mwa timahedifoniti muli tizipangizo tiwiri, gyroscope ndi accelerometer, tomwe timamva mutu ukatembenuka. Ukamaonera filimu, mawu amakhala ngati akuchokera pomwe pali foni. Ukacheukira kumanja, wolankhulayo amatsalira kumanzere, monga zimakhalira munthu akakhala nawe m'chipinda.

Timahedifoni tangati timayamba bwinobwino. Pakatha mphindi zisanu kapena khumi, mawu amayamba kukwawira kumanzere pang'onopang'ono, ine ndili phee osagwedeza mutu, mpaka woimba uja amakaima kuseri kwa khutu langa ngati munthu wa miseche. M'minibasi ndikudziwa kuti zimasokonekera, chifukwa galimoto ikamazungulira pa Clock Tower tizipangizo tija timayesa kuti ndi mutu watembenuka. Zimenezo sindidandaula nazo. Ndikunena za patebulo kunyumba, usiku, ana atagona.

Ndisanakuvutitseni ndinayamba ndadzikayikira ndekha. Ndinatichotsa pa Bluetooth n'kutilumikizanso. Ndinatibwezera mmene tinachokera ku fakitale, podina kabatani ka pakabokosi mpaka nyali itasintha. Ndinayang'ana ngati mono audio yayatsidwa mwangozi, chifukwa imeneyo imasakaniza mbali zonse ziwiri kukhala imodzi. Inali yozima, ndipo sikelo ya kumanja ndi kumanzere inali pakati penipeni. Firmware, pulogalamu ya m'kati mwa timahedifoni, ndinaika yatsopano, bandulo n'kutherapo. Tisefa ndinatitsuka ndi mswachi wofewa, timphira ta m'makutu ndinasintha. Foni yanga ili pa Android 14, pomwe spatial audio inabwera kale pa Android 13, ndipo zomwe ndimayesera n'zojambulidwa mu Dolby Atmos, mtundu wa mawu womwe spatial audio imagwira nawo ntchito.

Umboni wanga ndi uwu. Ndikazimitsa mbali yotsata mutu ija, mawu amakhazikika pakati osasuntha, ngakhale kwa ola lathunthu. Ndiye kuti tisipika tilibe mlandu. Mnzanga wa kutchalitchi ali ndi timahedifoni ta mtundu womwewu. Ndinatibwereka, n'kutilumikiza pa foni yanga yomweyi, filimu yomweyo, mpando womwewo. Mawu sanasunthe. Tanga nditatiyesa pa foni yake, tinakwawira kumanzere monga mwa masiku onse. Nanga chowonongeka n'chiyani, ngati si kachipangizo ka m'kati?

Ulendo woyamba kubwera nato kusitolo kwanu ndinauzidwa kuti wokonza watuluka, ndibwere mawa. Ulendo wachiwiri munatilandira n'kunena kuti tikhale sabata imodzi kuti tiunikidwe. Ine ndinali nditamanga bokosi ndi ulusi wakuda, mfundo ziwiri. Nditabwera ulendo wachitatu, patatha masiku khumi, ndinalandira bokosi ulusi uli chimangire, mfundo ziwiri zomwe zija, pamwamba atamatapo kapepala kolembedwa kuti palibe vuto. Wokonza wanu ndi katswiri ndithu, amaunika katundu osatsegula bokosi. Aliyense wokhala ku Machinjiri akuuzani kuti kubwera m'tauni ndi kubwerera n'kutaya theka la tsiku, ndipo masiku atatu onsewo ndinachita kupempha kuntchito.

Koma chomwe chandilembetsa kalatayi ndi zomwe zinachitika pa ulendo wachitatuwo. Nditamuonetsa ulusi, mnyamata wa pakauntala, wa malaya a kampani yanu, anaudula ndi mano, n'kuika kahedifoni kamodzi kokha m'khutu, linalo akumvera mnzake amene amamuuza za mpira. Anaika nyimbo wamba ya pa YouTube, sipika yaikulu ya m'sitolo ikugunda pakhomo. Sipanathe theka la mphindi, anativula n'kutikankhira kwa ine, amvekere: "Tikulira bwinobwino iti, madala. Mwina ndi makutu anuwo atopa, kayezetseni ku Queens." Atsikana awiri omwe anali pamzere anaseka. Nditapempha kuonana ndi inu, anati abwana saonana ndi aliyense pa nkhani ya mahedifoni, ndipo anaitana wotsatira ine ndili chiimire.

A Manijala, ndakhala ndikuyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu zaka 15. Sipika ikang'ambika ndimaimva ndili panja. Makutu anga ndi amene amasankha pomwe kwaya iime. Mwana amene sanabadwe pomwe ndinayamba kugwira maikolofoni asandiuze zokayezetsa makutu atayesa ndi khutu limodzi chinthu chofuna makutu awiri. Tsiku logula ndinali "bwana", mpando munandipatsa. Ndalama zitalowa m'kabati ndasanduka "madala".

Chomwe ndikufuna n'chachidule: mundisinthire ndi tatsopano tomwe tiyesedwe ine ndili pomwepo, kapena mundibwezere ndalama zanga zonse. Za vocha yogulira katundu wina m'sitolo mwanu musayambe n'komwe. Ndikukupatsani masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Akadutsa, ndikapereka dandaulo ku Competition and Fair Trading Commission ndi ku bungwe loimira ogula la CAMA, pamodzi ndi kope la kalatayi ndi kapepala ka "palibe vuto" kaja. Lamulo loteteza ogula la 2003 silinalembedwe kuti lizikongoletsa shelefu. Komiti yathu ya kutchalitchi ikufunanso kugula mikisa ndi masipika chaka chino, ndipo dzina la sitolo yanu ndinalitchula ndine pamsonkhano. Ndikalichotsanso ndekha.

Loweruka likudzali ndibwera nthawi ya 10 koloko m'mawa, foni ili m'manja, filimu nditaikopera kale. Mundikonzere malo opanda phokoso ndi munthu amene angathe kukhala pansi mphindi khumi, timahedifoni tili m'makutu onse awiri. Mnyamata uja akhalepo.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Machinjiri