Makaka a zipani asalowe pa nkhani ya katemera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pa tsamba lanuli chifukwa nkhaniyi yandikhala pamtima chikanganirane ndi achimwene anga pa gulupu ya WhatsApp ya kubanja mwezi wathawu. Mwana wawo wakwana miyezi 9, nthawi ya katemera wa chikuku, iwo akuti sapita kokabayitsa, chifukwa chake eti uthengawo anaumva kwa nduna ya chipani chomwe sachifuna olo pang'ono. Sanafunseko namwino, sanafunse kuti katemerayo amatani mthupi, angoona nkhope ya wolankhulayo basi mtima wawira. Alamu anga anachita kunyamuka mbandakucha mwana kumbuyo, kabuku ka kusikelo atakabisa pansi pa chikwama ngati akukaba, ndipo atabwerako mnyumba munalibe kuyankhulana masiku atatu.

Ena aziti ndi za mbanja izi koma ayi ndithu, zapha anthu kale. Mu December 2018 ku DRC anaimitsa mavoti ku Beni ndi Butembo ponena kuti kuli Ebola, pomwe kumeneko ambiri ankatsamira otsutsa boma, ndiye anthu anangoti matendawa ndi bodza lotibera voti, ena mpaka kukaphwanya malo othandizirako odwala, ndipo mu April 2019 dokotala wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO a Richard Mouzoko anawomberedwa ku Butembo komweko ali pa ntchito. Mmene mliri umatha mu June 2020 anthu oposa 2,200 anali atapita. Ku Kano, Nigeria, atsogoleri anaimitsa katemera wa poliyo mu 2003 chifukwa chokayikirana ndi boma lalikulu komanso mphekesera zoti amatseka kubereka, poliyoyo anafalikira mayiko ena mpaka kukafika ku Indonesia. Ndipo musati ndi umphawi kapena kusaphunzira, ku America nthawi ya Covid kuvala masiki kunasanduka ngati khadi la chipani, ndipo kafukufuku wa ku yunivesite ya Yale wa 2023 m'zigawo za Ohio ndi Florida anapeza kuti katemera atabwera, imfa zinachuluka kwambiri pakati pa ovotera chipani cha Republican kusiyana ndi a chipani cha Democrat.

Ine mlanduwu ndimaupereka mbali zonse. Olamula amakonda kusandutsa kampeni ya katemera kukhala msonkhano wodzitamandira, nyimbo za chipani zili pokopoko, namwino ali kumbuyo ngati wongoperekeza. Otsutsa nawo amangodikira cholakwika kuti aseke, osadziwa kuti owatsatira akumva kuti katemerayo ndiye woipa. Chonsecho chikuku chimafuna ana pafupifupi 95 pa 100 alionse atabayidwa kuti chisafalikire, ndiye tangoganizani theka la anthu likakana chifukwa cha ndale, khanda la miyezi inayi lomwe silinafike pobayitsa lithawira kuti?

Pempho langa kwa inu a nyuzipepala ndi loti nkhani ya mliri ikabwera, patsogolo muziika madokotala, anamwino ndi alangizi a zaumoyo omwe anthu amawadziwa kudera, andale akafuna kuyankhulapo aziima limodzi a boma ndi otsutsa pa tebulo limodzi, opanda makaka. Achimwene angawo ndimawadziwa bwino, akanamva mtsogoleri wawo akunena zomwezo akanamunyamula okha mwanayo, ndipo pali katemera wachiwiri akubwera yemwe sindikufuna alamu anga adzabisenso kabuku.

Ndine wowerenga wanu wokhudzidwa.