Kalata yotseguka kwa Nduna ya za Mtengatenga: misewu mwaikuza, nanga ana awaphunzitse ndani?

Olemekezeka a Nduna,

Landirani moni wanga, ndipo malonje sindichulukitsa. Ndine dalaivala wa malole wopuma pantchito, ndipo pano ndili m'komiti ya sukulu ina ya pulayimale yomwe ili m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Lilongwe. Kalatayi ndaiika poyera chifukwa zokambirana m'maofesi zatikanika. Komiti yathu idalemba makalata, tidavala majekete n'kukakhala pa mabenchi a maofesi angapo, koma kulikonse yankho limangokhala lakuti "bwana angotuluka kumene" kapena "nkhani imeneyi si ya kuno, kayeseni uko." Ndiye ndati ndilembe pamene aliyense awerenge, mwina wina akunong'onezani. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Misewu mwatimangira, izo sitikana. Amene adakhalapo pa mzere wa magalimoto pa raundabauti yakale ya Area 18 akudziwa kusiyana kwake ndi intachenji ilipo lero. Msewu wa Kenyatta uli ndi maleni 6, M1 yakula kuchokera pa Crossroads mpaka ku Kanengo, mlatho wa ku Old Town nawo wasintha. Ine monga dalaivala ndikamadutsamo ndimasekerera. Koma msewu ukakula, woyendetsa amaponda moto, pomwe miyendo ya mwana wa Sitandade 2 idakali yomwe ija. Makontirakitala adamaliza ntchito n'kunyamula makina awo, ndipo pasukulu pathu sipadabwere munthu ngakhale mmodzi kudzauza ana kuti msewu womwe ankaudumpha chothamanga uja tsopano ndi wina.

Teremu yathayi tidaona zomwe tinkaopa. Ana a infanti ataweruka, minibasi idaima pamalo osayenera kutsitsa anthu, monga zichitira. Kamtsikana ka Sitandade 2, kajumbo ka makope kali m'manja, kadadutsa kutsogolo kwa minibasiyo kali pa liwiro. Nthawi yomweyo n'kuti mnyamata wa kabaza, atanyamula anthu awiri, akupitirira minibasi ija. Adamuona mwanayo mochedwa, n'kufinya buleki ya kutsogolo yokha ndi mphamvu zake zonse. Teyala lidatsetsereka, njinga n'kugwa cham'mbali n'kumukolopa mwana uja miyendo. Fupa la pantchafu lidathyoka, ndipo mwendo udapindika pamalo pomwe palibe bondo. Sadalire msanga. Ankangofunsa za makope ake omwe adamwazika pa tala.

Anthu adakhamukira pomwepo, ena atatola kale miyala, ena akukuwa kuti njingayo itenthedwe. Ine ndi aphunzitsi aamuna tidamukokera mnyamatayo mu ofesi ya ahedi n'kutseka chitseko. Ali m'menemo, magazi akuchucha pachigongono, ndidamufunsa komwe adaphunzira kuyendetsa. Adati msuweni wake adamuonetsa magiya Lamulungu masana pa bwalo la mpira, Lolemba m'mawa n'kuyamba kunyamula anthu. Zaka zake 17. Njinga si yake, mwini wake amafuna ndalama yake madzulo alionse, kaya kwagwa mvula kaya mafuta asowa. Nditamufunsa chifukwa chomwe sadapondere buleki ya kumbuyo limodzi ndi ya kutsogolo, adangondiyang'ana kukamwa yasa. Zoti kuseri kwa minibasi yoima kumatha kutulukira munthu, palibe adamuuzapo. Chisoti adali nacho, koma chidali chomangirira pa handulo poopa kutentha.

Nawo mayi a mwanayo, titakawaona kuchipatala, adatiuza akulira kuti iwo ankamulangiza tsiku ndi tsiku kuti, "Ukafika pamsewu uzithamanga, usamachedwepo." Taonani, a Nduna: mwana adamvera mayi ake, mnyamata adamvera msuweni wake. Onse awiri adachita ndendende zomwe adaphunzitsidwa. Mwanayo adagona m'wodi masabata ambirimbiri mwendo uli chokoka, mayeso adamuphonya, ndipo abwereza kalasi. Mayi ake amagulitsa tomato ndi anyezi, koma podikirira matenda mpamba wonse udathera pa thiransipoti ndi chakudya, moti pano benchi yawo pamsika pakhala munthu wina. Mnyamata uja ndidamuonanso pa siteji masiku apitawa, ali pa njinga ina.

Zina mumaziona nokha mukamadutsa, ngakhale magalasi a galimoto yanu ali akuda. Anthu anayi pa njinga imodzi, khanda lili pakati. Zipewa za pulasitiki za omanga nyumba m'malo mwa helemeti. Ana olendewera kumbuyo kwa malole a mchenga ku Area 49 ndi ku Chinsapo. Ma Sienta odzaza mpaka ku buti. Achinyamata owoloka pa depoti makutu atatseka ndi mahedifoni. Ana a mabwana ochokera ku Bwandilo m'bandakucha wa Loweruka pa galimoto ya bambo awo, botolo lili pakati pa miyendo. Za ziphaso zomwe ena amazipeza kudzera kwa madobadoba asanagwireko chiwongolero, nkhaniyo ili pakamwa pa aliyense.

Sindikunena zachilendo. Bungwe la World Health Organization lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe chomwe chikupha ambiri kuposa ngozi zimenezi. Chaka chomwecho kuno kwathu kudatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pa Kamuzu Central. Tikuthokoza kwambiri, madotolo kumeneko akugwira ntchito yotamandika. Koma mwana akamafika kumeneko ndiye kuti zonse zalakwika kale.

Zomwe mwana ndi wa kabaza ayenera kudziwa si zozama ayi, ndipo munthu ngati ine, yemwe sukulu sadapite nayo patali, nditha kuzifotokoza. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndiye kuti dalaivala akangoyang'ana pa foni kamphindi, wadutsa kale kutalika kwa kalasi yonse asanaganize n'komwe za buleki. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira buleki itagwira umawirikiza kanayi. Lole yodzaza simaima ngati njinga yakapalasa, ngakhale woyendetsa akhale katswiri wotani. Ndipo chomwe chinkandisowetsa tulo zaka zonse zomwe ndidayendetsa pakati pa Kanengo ndi m'malire ndi ichi: ukakhala pampando wa lole, mwana woima pafupi ndi bampala kapena m'mbali mwa chitseko cha kumanzere sumuona, ngakhale magalasi akhale abwino bwanji. Mwanayo amaganiza kuti poti iye akuiona lole, nayenso dalaivala akumuona. Mutamukweza mwana m'kabini kamodzi kokha, anzake n'kuima kutsogolo, iye n'kuona yekha kuti onse asowa, sadzaiwala mpaka imvi. Zimenezi sizifuna msonkhano wa ku nyanja, zimangofuna lole imodzi ndi m'mawa umodzi.

Ndikudziwa zomwe alangizi anu akuuzeni: kuti zophunzitsa ana n'za Unduna wa Zamaphunziro, kuti silabasi imalembedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kuti zikwangwani za m'tauni n'za khonsolo, kuti ogwira olakwa ndi apolisi. Nyimbo imeneyo ndi yomwe yatizunguliritsa m'maofesi mpaka nsapato kutha. Koma ntchito yophunzitsa anthu za chitetezo cha pamsewu, yomwe kale idali m'manja mwa National Road Safety Council, idalowa mu Directorate of Road Traffic and Safety Services, ndipo nthambi imeneyi ili pansi pa inu. Mukakhala ku Capital Hill, nduna inzanu ya zamaphunziro simuifunira basi kuti mukaipeze. Komanso ngakhale mwana ataloweza zizindikiro zonse zapamsewu m'buku la Life Skills n'kukhoza mayeso a MANEB, kuwoloka msewu amakuphunzira ali pamsewu, atagwidwa dzanja ndi wamkulu.

Nanga malonjezo aja adathera kuti? Mayiko a United Nations, Malawi ali momwemo, adapatula zaka za 2011 mpaka 2020 kuti achepetse imfa zapamsewu. Zaka zimenezo zidatha, kuno kwathu n'kukhala nthawi yomwe njinga zamoto zidasefukira m'matauni popanda wozikonzekera. Mu February 2020 nduna za mayiko zidakumana ku Stockholm n'kugwirizana kuti pamalo pomwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi liwiro lisamapitirire makilomita 30 pa ola. Kenaka kudabwera lonjezo lina, lakuti pakati pa 2021 ndi 2030 imfa ndi kuvulala zitsike ndi theka. Theka la nthawiyo lapita kale. Pageti pa sukulu yathu palibe chikwangwani cha 30, palibe hampu, ngakhale mizere ya zebura palibe. Lamulo lathu la Road Traffic Act ndi la 1997, nthawi yomwe kabaza wa njinga yamoto m'Lilongwe munalibe. Pawailesi timangomva kuti akabaza onse alembetse njinga ndi kutenga ziphaso pofika tsiku lakuti, tsikulo n'kufika n'kudutsa. Kukatero kumayamba kuthamangitsana, njinga n'kuunjikidwa pabwalo, anyamata n'kuyamba kugenda, sabata ikatha zonse zii. Disembala akafika timvanso mawu aja akuti tiyende mosamala pa nyengo ya zisangalalo, Januwale n'kutiwerengera maliro.

Kulanda njinga sikuphunzitsa munthu kugwira buleki, a Nduna. Mnyamata yemwe amadya zomwe wapeza tsiku lomwelo sangasiye siteji kwa mwezi wathunthu kuti akalipire sukulu yoyendetsa, pomwe ndalama yake ya chiphaso ndi inshuwalansi sadaigwirepo pakamodzi chibadwire. Sikuti onse ndi amwano. Ambiri mwa iwo adalekezera sukulu panjira, ntchito kulibe, ndipo njinga ndi yomwe ikudyetsa makolo awo kumudzi. Ndi anyamata omwewa amene amatitengera odwala kuchipatala usiku minibasi zitaleka kuyenda.

Tsono pempho lathu nali, ndipo sitikupempha ndege. Tumizani aphunzitsi a nthambi yanu kumasiteji a kabaza, ku Area 25, ku Area 23, ku Biwi, ku Likuni, ku Mtandire, akaphunzitse anyamatawa komweko m'Chichewa, pa njinga zawo zomwe, m'maola omwe makasitomala amachepa. Amene wamaliza maphunzirowo apatsidwe mpata wolipira chiphaso pang'onopang'ono. Mukatero, wogwidwa alibe chiphaso sadzakhalanso ndi chonamizira, ndipo ife tidzakhala oyamba kuombera m'manja apolisi. Khalani pansi ndi nduna inzanu kuti sukulu iliyonse yoyandikana ndi M1, msewu wa ku Mchinji, wa ku Likuni, wa ku Salima ndi wa baipasi izikhala ndi phunziro la pamsewu penipeni kumayambiriro kwa teremu iliyonse, makolo nawo aitanidwe, chifukwa mwaona kale zomwe mayi wachikondi amatha kuphunzitsa mwana wake mosadziwa. Ndipo pageti pa sukulu zimenezi paikidwe chikwangwani cha 30, mahampu ndi zebura, penti yake yooneka, osati yofufutika ndi mvula yoyamba.

Anthu ogwira ntchitoyi musavutike kuwasaka. Madalaivala opuma tilipo ambiri m'makomboni muno, tangokhala pakhonde. Tipatseni maphunziro a masiku ochepa, mabibu owala ndi kalata yotiloleza kuimitsa magalimoto ana akamawoloka, alawansi sitikufuna. Panopa ndimaima pamsewu m'mawa ndi kansalu kofiira komangirira ku ndodo, ndipo oyendetsa ena amandiimbira hutala n'kundifunsa kuti ndine yani.

Teremu ina ikutsegulidwa posachedwa, ndipo kukubwera ana atsopano a Sitandade 1 omwe sadawolokepo msewu umenewu okha. Tiyankheni poyera monga momwe takulemberani poyera, ndipo m'yankho lanulo mukhale dzina la ofesi yomwe mwaituma ndi tsiku lomwe anthu ake afike pasukulu pathu.

Ine wanu,
Dalaivala wopuma, membala wa komiti ya sukulu,
Lilongwe